Buleki yakumbuyo ya njinga yamagetsi yafooka: muyambire pati?

Mmodzi wa owerenga wanditumizira imelo yomwe ndaona kuti ndiyankhe pano. Akuti: "Njinga yanga yamagetsi ili ndi mota kutayala lakumbuyo, mabuleki ake ndi a diski okoka ndi waya. Yakutsogolo ikugwira bwino, koma yakumbuyo ndimafinya mpaka chogwirira kukhudza handulo, njinga osaima. Kodi ndingogula mabuleki a hydraulic?"

Achimwene, ndalama zanuzo zisungeni kaye. Nthawi zambiri buleki yotereyi imakhala ikungofuna kutsukidwa ndi kuchunidwa, ndipo yatsopano mukaiika pa diski yamafuta idzafookanso chimodzimodzi.

Yambani ndi kuyesa. Pezani malo afulati opanda magalimoto, zimitsani mota, palasani pang'onopang'ono, kenako finyani buleki yakumbuyo yokha. Tayala likamanga n'kuyamba kukhwekhwereza pansi, ndiye kuti buleki ilibe mlandu. Mukamanga buleki, kulemera kwanu ndi kwa njinga kumathamangira kutsogolo, tayala lakumbuyo n'kupepuka. N'chifukwa chake ntchito yaikulu yoimitsa njinga imagwiridwa ndi buleki yakutsogolo, ndipo yakumbuyo singafanane nayo mphamvu ngakhale mutagula yodula bwanji. Zikatero chofunika n'kuzolowera kufinya zonse ziwiri pamodzi, thupi mutalibweza m'mbuyo. Koma poti inu mwati chogwirira chikufika pahandulo, ndikukhulupirira kuti tayala lanu silikumanga n'komwe.

Ndiye chotsani mapadi, tizidutswa tiwiri tomwe timapana diski, muwaone pa kuwala. Diski yakumbuyo imakhala pafupi ndi tcheni, ndipo anthu ambiri pothira mafuta kutcheni, makamaka opopera aja, timadontho timagwera pa diski osadziwa. Padi yomwa mafuta imaoneka yakuda ndi yonyezimira, ndipo buleki imalira kwiii koma osagwira. Diskiyo ipukuteni ndi sipiriti wotchedwa isopropyl alcohol pa kansalu koyera mpaka kansaluko kasiye kuda, ndipo musaigwirenso ndi zala. Mapadi ngati angoterera pamwamba, akwecheni pa sandipepa woyala patebulo mpaka kunyezimirako kuchoke. Koma ngati amwa mafuta, atayeni. Ena amawawotcha pamoto, ine sindivomereza zimenezo, chifukwa moto ukhoza kufooketsa guluu wogwira nyama ya padi kuchitsulo chake, n'kudzamatuka muli pamtsetse. Onaninso kukhuthala: nyama ya padi ikatsika kufika pa milimita imodzi, nthawi yosintha yakwana. Diski nayo imatha. Za Shimano zambiri zimabwera ndi 1.8 mm ndipo malire ake ndi 1.5 mm; opanga ambiri amadinda malirewo pa diski pomwepo.

Tsopano tifike pa vuto lomwe ndikuliganizira kwambiri pa njinga yanu. Mabuleki ambiri okoka ndi waya amasuntha padi imodzi yokha, yakunja. Yam'kati, ya mbali ya masipoko, imangokhala phee, ndipo diski imachita kupindika pang'ono kuti ikaikhudze. Padi yam'katiyo ikamadyeka mpata umakula, ndiye mphamvu yonse ya dzanja lanu imathera popinda diski. Anthu ambiri amangokoka waya n'kumanganso, osadziwa kuti akatero kamkono ka pa kalipa (chitsulo chomwe mumakhala mapadi) kamayambira pakati pa ulendo wake, mphamvu n'kucheperachepera. Choyenera n'kupotokola kabawuti kosunthira padi yam'kati mpaka itatsala pang'ono kukhudza diski, tayala likuzungulirabe osakhula. Vuto la njinga za mota yakumbuyo n'lakuti motayo imatchinga kabawutiko, moti sipanala siilowa. Musatope nazo: masulani mabawuti awiri a kalipa, muichotse, musunthe padiyo, mubwezeretse. Pobwezeretsa, musanalimbitse mabawuti, yang'anani pampata kuti diski ili mowongoka pakati pa mapadi.

Waya nayenso amaba mphamvu. Wakumbuyo ndi wautali kuposa wakutsogolo ndipo amadutsa m'makona ambiri, choncho chikuto chake chimafinyika, dzimbiri ndi fumbi n'kumamugwira m'kati. Mukafinya chogwirira n'kumamva ngati mukufinya siponji, sinthani waya pamodzi ndi chikuto, ndipo funsani chikuto chosafinyika chomwe amachitcha compressionless. N'chotsika mtengo poyerekeza ndi mabuleki atsopano, koma kusintha kwake mudzakumva m'dzanja tsiku lomwelo.

Mapadi atsopano sagwira bwino akangoikidwa, amafuna kuzoloweretsedwa ndi diski. Thamangani liwiro la makilomita pafupifupi 20 pa ola, finyani mwamphamvu mpaka liwiro la munthu woyenda pansi koma osaimiratu, mubwereze ka 15 kapena 20. Posankha mapadi, a resin salira kwambiri koma amatha msanga ndipo amafooka akatentha. Njinga yamagetsi ndi yolemera, zambiri zimaposa makilogalamu 20 musanakwerepo inu ndi katundu, ndiye a chitsulo otchedwa sintered ndi omwe amapirira mitsetse yaitali ndi matope. Mungoonetsetsa kuti diski yanu sinalembedwe kuti ndi ya resin yokha.

Zonsezi mutachita, ngati simukukhutirabe, kulitsani diski. Kuchoka pa 160 mm kupita pa 180 mm kumawonjezera mphamvu ndi pafupifupi 12 peresenti, komanso diski yaikulu sitentha msanga. Pafunika adaputa yokweza kalipa, ndipo muone kaye kukula komwe opanga felemu yanu amalola.

Hydraulic, buleki yokankha mapadi ndi mafuta m'malo mwa waya, ibwere pomaliza. Ndi yabwinodi, mapadi onse awiri amasuntha ndipo amadzisendeza okha akamadyeka. Koma musanagule, yezani mpata wa pakati pa diski ndi mota, chifukwa makalipa ena ndi onenepa moti amakhula motayo. Mafuta akenso sasakanizidwa: Shimano, Tektro ndi Magura amagwiritsa ntchito mineral oil, pomwe ena amafuna mafuta otchedwa DOT, ndipo mukathira olakwika timalabala tam'kati timawonongeka. Chomwe ndikukupemphani kwambiri ndi ichi: ngati zogwirira zanu zili ndi kawaya kamagetsi kozimitsa mota mukangofinya buleki, zatsopanozo zikhalenso nako, ndipo pulagi yake igwirizane ndi ya njinga yanu. Kawayako kayeseni ngakhale lero. Tukulani tayala lakumbuyo, yatsani mota, finyani buleki pang'ono. Mota ikapitiriza kukoka, ndiye kuti buleki yanu yakhala ikulimbana ndi mota nthawi yonseyi, ndipo kukonza kuyambire pamenepo.