Za makadi a baseball mwatola aja, musathamangire kugula galimoto

Achimwene mwafunsa ngati makadi a baseball a makampani a Topps ndi Donruss a 1990 amene mwagula katoni yonse ku Ohio, ku America, angakupatseni dola zambiri. Ndisakunamizeni, ambiri mwa amenewo ndi mapepala basi. Kuyambira cha m'ma 1987 mpaka 1994 makampani anasindikiza makadi ochuluka zedi ndipo aliyense ankasunga mwaudongo poganiza kuti adzalemera, ndiye lero ali mbwee, ogula palibe.

Amene amadula ndi osowa. Khadi la wosewera wotchuka Honus Wagner, la m'gulu la makadi lotchedwa T206, linkaikidwa m'mapaketi a ndudu a American Tobacco Company kuyambira 1909, koma analisiya msanga kusindikiza ndiye otsala ndi ochepa kwambiri, lina linagulidwa $7.25 miliyoni mu 2022. La Mickey Mantle, wosewera winanso wotchuka, la Topps 1952 linafika $12.6 miliyoni chaka chomwecho, ndipo limasowa, mwa zina, chifukwa ana nthawi imeneyo ankangosewera nawo, ena kumangirira pa masipoko a njinga kuti izilira ngati njinga yamoto, amayi nkudzataya otsalawo posesa m'nyumba.

Chinanso ndi mmene khadi lilili. A PSA, kampani yoyeza makadi, amapereka magiredi 1 mpaka 10, amayang'ana makona ngati sanapindike, chithunzi ngati chili pakatikati, kakhwinya kamodzi mtengo wagwa. Kutumiza makadi ku PSA kumalipiritsa, ndiye musatumize katoni yonse ayi. Sankhani a osewera otchuka, muone pa eBay, msika wa pa intaneti, mitengo imene anagulitsidwadi osati imene anthu akungotchula, ndipo chotsani labala mwamangira uja, akudya m'mphepete.