Za atate anu ndi fumbi la mumgodi wa malasha

Mlongo wanga, funso lanu landikhudza chifukwa njira imeneyi ndinayendamo. Mwati atate anu anagwira ntchito zaka zambiri mumgodi wa malasha kuchigawo cha Kumwera, tsopano muli nawo ku Chawama, amwa mankhwala a TB maulendo awiri koma befu sakutha, ndipo abwana awo akale akuti anathana nawo tsiku lomwe anawapatsa ndalama zopumira pantchito. Mwafunsa ngati pali chipukutamisozi, komanso kuti boma lili kuti pankhaniyi.

Chipukutamisozi chilipo, ndipo abwanawo asakusokonezeni. Ndalama zopumira pantchito ndi zina, za NAPSA ndi zina, za matenda otengera kuntchito ndi zinanso. Kulandira izi sikutseka khomo la izo.

Amalume anga anakumba malasha, a pansi pa nthaka, osati awa timagula m'masaka oyatsira mbaula. Atabwera kudzakhala nafe ku Matero ankaoneka amphamvu ndithu. Patapita zaka zingapo, kuchoka pakhomo kukafika pa kantemba ka pamsewu ankaima kawiri, dzanja atagwira mpanda, pakamwa pali yasa. Usiku sankagona chagada. Tinkawaunjikira mapilo ndi bulangete lopinda kumsana kuti agone chokhala, ndipo m'mawa mayi ankataya kachitini ka makhololo otuwa, nthawi zina okhala ndi timadontho takuda. Ife tinkangoti ndi chifuwa chachikulu chabwereranso. Tinataya nthawi yaitali tisanadziwe kuti vuto lenileni ndi fumbi, ndipo kakampani kamene kanawalemba ntchito kanali katatsekedwa kale, mwini wake osadziwika komwe analowera. Nchifukwa chake ndikulemba motalika chonchi, kuti inu musachedwe monga tinachedwera ife.

Fumbi loopsa si lija limadetsa nkhope, koma losalala kwambiri losaoneka ndi maso. Limalowa mpaka m'timatumba ta mpweya m'mapapo, thupi limalephera kulichotsa, ndipo pamalopo pamachita zipsera. Mapapo amauma, satambasuka bwino. La malasha limayambitsa matenda amene madokotala amati pneumoconiosis, pomwe la mwala umene amaboola kuti afike pa malashawo limayambitsa silicosis. Matendawa amatenga zaka khumi kapena kuposa kuti aonekere, amapitirira kukula ngakhale munthu atasiya ntchito, ndipo zipserazo sizipola. Chopweteka china nchakuti munthu wa silicosis amagwidwa TB msanga, komanso pa X-ray matenda awiriwa amafanana. Ndiye munthu amwa mankhwala miyezi 6, TB ithe, koma kubanika kukhalepo. Mukapita nawo kuchipatala musadikire kuti akufunseni. Nenani nokha kuti awa anagwira mumgodi zaka zakutizakuti, ntchito yawo inali yakuti, ndipo pemphani kuti zimenezi zilembedwe m'kabuku kawo.

Mlandu wa atate wagona papepala. Popanda chikalata cholumikiza mapapo awo ndi mgodi, palibe ofesi idzatulutse ngwee. Opima anthu a m'migodi ndi kutsimikiza matenda a fumbi ndi a Occupational Health and Safety Institute, likulu lawo lili ku Kitwe. Akuluakulu amangoti "ku silicosis", ndipo atate akudziwako, chifukwa munthu salowa mumgodi mwalamulo asanapimidwe ndi kupatsidwa chitupa. Amapimanso amene anasiya ntchito. Akatsimikiza matendawo, olipira ndi a Workers' Compensation Fund Control Board, likulu ku Ndola, koma ali ndi ofesi konkuno ku Lusaka. Yambirani kumeneko, akuuzeni za mafomu ndi kumene atate angapimidwe musanaononge ndalama ya basi pa Intercity. Lamulo la 1999 ndilo linaphatikiza thumba la ovulala pantchito ndi thumba lakale la matenda a fumbi kukhala limodzi, ndipo osonkha m'thumbamo ndi olemba anthu ntchito. Choncho simukupita kukapempha chifundo ayi.

Fufuzani m'sutikesi mwawo. Chitupa chakale cha silicosis, nambala yawo ya kumgodi, mapepala a malipiro ngakhale awiri okha, kalata yowalembera kapena yowachotsera ntchito, makadi a TB onse awiri, zithunzi za X-ray, NRC. Ngati anali pansi pa kontrakitala, pitani ku NAPSA mukatenge ndondomeko ya zosonkha zawo, imaonetsa dzina la wolemba ntchito ndi miyezi yake. Anzawo amene ankalowa nawo shifiti imodzi muwasunge manambala, ndi mboni zimenezo. Pepala lililonse mulijambule, mupereke kope, lenileni likhale ndi inu, ndipo amene walandira adinde chidindo ndi tsiku. Akakana, pemphani kuti akane polemba, chifukwa kalata yokanayo ndiyo mudzapite nayo kukachita apilo kapena kwa a Legal Aid Board. Paja mbewa ya manyazi inafera kuuna, muzibwerera kukafunsa mpaka akudziweni nkhope.

Tsono za boma, apa ndiye mtima wanga umawawa. Boma silingaime patali ngati mlendo pamaliro. Ndilo limapereka ziphaso za migodi. Ndilo lili ndi a Mines Safety Department oyenera kuyendera migodi, kuona ngati mpweya ukuyenda, ngati akuthira madzi poboola, ngati anthu ali ndi zotchinga kumphuno zenizeni. Mabungwe opima ndi olipira aja ndi a boma lomwelo. Ku mgodi wa malasha wa Maamba boma lilinso mwini, chifukwa ZCCM-IH, kampani imene mwini wake wamkulu ndi boma, ili ndi magawo 35 pa 100 aliwonse, ndipo mgodiwo unali wa boma kwa zaka zambiri. Malasha a kumeneko ndiwo amayendetsa makina opanga magetsi okwana 300 MW amene anayamba mu 2016. Madzi akachepa ku Kariba, ena mwa malaiti amene timaona kuno amachokera m'manja mwa anthu onga atate anu.

Ndipo taona kuti boma likafuna limachita. Ku mgodi wa malasha wa Collum, ku Sinazongwe, mabwana anawombera ogwira ntchito mu 2010, ndipo mu 2013 boma linalanda ziphaso za mgodiwo, china mwa zifukwa zake chinali chitetezo cha ogwira ntchito. Mfuti imamveka, atolankhani amathamangirako. Fumbi lilibe phokoso. Limapha munthu mmodzimmodzi, patapita zaka, ali kumudzi kapena m'kachipinda ka mwana wake ku Chawama, ndipo pachikalata cha imfa pamangolembedwa TB. Kwa ine, boma loyankha mlandu wake ndi lija lotumiza magalimoto opimira anthu kumidzi kumene okumba akale amakhala, osati kudikira kuti munthu wobanika akwere basi tsiku lathunthu. Ndi lija lokakamiza makontrakitala kulembetsa ndi aganyu omwe, lokweza ndalama za pamwezi mitengo ya ufa ndi mankhwala ikakwera, ndi louza mtundu poyera kuti apimidwa angati, apezeka ndi matenda angati, alipidwa angati. Zimenezi phungu wanu angazifunse nduna ku Nyumba ya Malamulo, koma sangafunse ngati simunamulembere. A Mineworkers Union of Zambia muwagogodenso, makamaka ngati atate ankadulidwa ya yuniyoni.

Ku South Africa okumba golide anagwirizana nkusumira makampani pamodzi, ndipo mu 2018 makampaniwo anavomera kupereka ndalama zokwana 5 biliyoni za ma rand, zimene zikugawidwa kudzera ku Tshiamiso Trust. Mu 2023 okumba malasha nawonso anatengera yawo kukhoti. Ndalama za Tshiamiso ndi za migodi ya golide ya kumeneko basi, atate sizikuwakhudza, ndipo wina akakuuzani kuti mulipire kuti akulembetseni, ameneyo ndi mbala. Ndatchula izi kuti muone kuti anthu anamveka atabwera ambiri, mapepala ali m'manja.

Pakali pano asungeni atate kutali ndi utsi wa mbaula, fodya ngati amakoka asiye, ndipo akayamba kutentha thupi kapena kutuluka thukuta usiku musagoneke, kapimitseni makhololo. Mukapeza chitupa cha silicosis chija ndilembereni kumbali. Loweruka ndimakhala ndilibe ntchito, tingathe kukhala pansi nkusanja mapepalawo limodzi musanapite nawo ku ofesi.