Musanaipititse m'chipululu, ikwezeni kaye pasikelo

Sabata yathayi ndinalandira imelo ya owerenga ena. Akuti atha miyezi yambiri akusandutsa galimoto yawo ya 4x4 kukhala kanyumba koyenda. Bedi, kabati, thanki ya madzi, firiji, sola padenga, zonse apanga ndi manja awo. Funso lawo ndi ili: "Ndikufuna ndikaiyese m'chipululu kwa masiku asanu. Ndikonzekere bwanji?"

Achimwene, ntchito mwaigwira, ndipo chimwemwe chake ndikuchidziwa. Komatu chipululu chisakhale mayeso anu oyamba. Chimene chingathyoke chithyokere pafupi, pamene wokuthandizani angafike tsiku lomwelo.

Yambani ndi kulemera. Galimoto ili ndi kachitsulo kapena kapepala komatidwa, kawirikawiri pafelemu ya chitseko kapena pafupi ndi injini, kolembedwa malire a kulemera amene opanga analola, aja amati GVM. Pakirani zonse ngati mukunyamuka mawa, mudzaze madzi ndi mafuta, onse apaulendo akwere, mupite pasikelo yoyezera magalimoto. Ambiri timawerenga matabwa ndi firiji n'kuiwala zamadzimadzi. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye thanki ya malita 100 ndi makilogalamu 100. Dizilo wa malita 20 ndi pafupifupi makilogalamu 17, chigubu chake osachiwerengera. Ine nditayeza yanga koyamba inapitirira malire, moti ndinagwetsa kabati imene ndinaipala milungu iwiri. Zinandipweteka, koma masipuling'i akumbuyo anali atakhala kale pansi. Zolemera zonse zikhale m'munsi, pakati pa matayala akutsogolo ndi akumbuyo. Padenga pazikhala zopepuka basi, chifukwa galimoto yolemera pamwamba sichedwa kugudubuzika ikapendekeka pachitunda cha mchenga.

Mdani wamkulu wa zinthu zomanga tokha ndi kugwedezeka. Misewu yadothi yopita m'chipululu imachita timizere ngati malata, ndipo maola ochepa pamenepo amamasula chilichonse. Ndikukumbukira nditaima n'kutsekula kumbuyo: chitseko cha kabati chikulendewera pahinji imodzi, utuchi wa thabwa uli mbwee pansi pomwe masikuluwu anazuka, mbale zili pabedi. Thabwa lolemera musamalidalire ndi masikuluwu okha. Boolani mudutsitse bawuti, kuseri muike washa ndi nati yosamasuka yokha. Mukamanga, lembani kamzere ka penti kodutsa panati ndi pachitsulo. Madzulo alionse mukangoyang'ana, kamzere kakasemphana mwadziwa kuti yayenda. Mawaya nawo muwaone bwino. Waya wokhuzika pachitsulo amasupuka n'kuyatsa moto, choncho pomwe akudutsa pabowo pakhale labala, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batire.

Ndiye pezani msewu woipa wapafupi, muyendemo tsiku lathunthu mutapakira, mugone momwemo usiku umodzi kapena uwiri firiji ikuyaka. M'mawa muone batire latsala pati. Ngati ndi la mtovu, lisamatsike kupitirira theka. Muonenso fumbi polowera. Kawirikawiri ndi pachitseko chakumbuyo.

Za mchenga n'zophunzirika msanga. Phwetsani matayala kufika cha m'ma 1.2 bar (bar ndi muyezo wa mpweya wa m'tayala) kuti aponde malo aakulu, koma galimoto yolemera ngati yanuyo musaitsitse kwambiri, musathamange, ndipo musakhote mwadzidzidzi kuopa tayala kuvuka parimu. Kompuresa yopopera, fosholo, chingwe chokokera ndi thabwa lochindikala loika pansi pa jeke musazisiye. Mawiro akayamba kuzungulira pamodzimodzi, chotsani phazi pomwepo, apo ayi mukudzikumbira dzenje. Mafuta mumchenga amatha kwambiri kuposa patala, ndiye muwayeze pa ulendo woyeserawo m'malo mongoganizira.

Ngati mukulowera cha ku chipululu cha Kalahari, samalani ndi udzu. Njere zake zimatseka radiyeta injini n'kutentha, ndipo udzu wouma umakodwa pansi pafupi ndi paipi ya utsi n'kuyaka. Muziima pafupipafupi, kugwada, n'kuuchotsa. Chozimitsira moto chikhale poti dzanja lifike, osati pansi pa katundu.

Usiku m'chipululu kumazizira kodabwitsa, ndipo mtima umafuna kuyatsa chitofu cha gasi mkati mazenera ali chitsekere. Chonde musatero. Mpweya wakupha wa carbon monoxide umene chitofucho chimatulutsa ulibe fungo, munthu amangogona osadzukanso. Musagonenso mumtsinje wouma, ngakhale mchenga wake ukhale wosalala bwanji, poti mvula yogwa kutali imabwera ndi madzi inu musanaone mtambo.

Pa ulendo woyambawu mupite ndi galimoto yachiwiri, ndipo wina wotsala adziwe njira yanu ndi tsiku lobwerera. Galimoto yanu ikakufelani panjira, khalani pomwepo pamthunzi wake. Ofufuza amaona galimoto msanga kuposa munthu woyenda pansi.

Mukachoka pasikelo mundilembere nambala ziwiri, ya pakachitsulo ndi imene sikelo yaonetsa, tione limodzi choti chitsike.