Za wotchi yako ija, msuweni

Eee msuweni, ndamva. Ukuti wotchi yako ikuonetsa kuti HRV, muyeso wa kusinthasintha kwa kagundidwe ka mtima, yatsika, ndiye ukufunsa ngati ndi impso zakozo zikuchititsa. Koma iwe ndimakudziwa. Munthu wofunsa za wotchi pakati pa usiku, si wotchi yamusowetsa tulo ayi. Ukuganiza za amalume... bambo ako aang'ono, eya.

Paja iwo aja atangouzidwa za impso, mantha onse anali pa dayalisisi, makina osefa magazi impso zikalephera. "Ine makina amenewo ayi." M'mawa uliwonse kudina mapazi kuona ngati atupa. Koma mankhwala a BP ankamwa pokhapokha mutu ukawawa, otsalawo ankakhala m'thumba la jekete lija. Lomwe lija anayambanirana ndi amayi, usaseke iwe. Msana ukangoti pang'ono, ibuprofen, mawa diclofenac, osadziwa kuti... ayi, ankadziwa, adokotala anawaletsa, amenewa amapweteka impso. Kungoti anali amakani, ndipo wina pagulu pano anatengera, sinditchula dzina. Mapeto ake makina ankawaopawo sanawaone n'komwe. Unali mtima. Ndipo si iwo okha, odwala impso ambiri mtima ndi umene umawatenga asanafike pa dayalisisi.

Tsono HRV yakoyo. Mtima wabwinobwino sugunda mofanana ndendende, kampata ka pakati pa kugunda kamasinthasintha pang'ono zedi, ndipo kusinthasinthako ndiye kwabwino. Impso zikadwala zimautsa mitsempha yothamangitsa mtima, youziziritsa n'kufooka, HRV n'kutsika. Ofufuza anaona kuti odwala impso amene HRV yawo ili yotsika amakhala pachiopsezo chachikulu cha mtima. Matenda a shuga nawonso amaitsitsa. Komanso kusagona, kukula, mowa... mowa ndautchula dala.

Ndiye tamvera. Nambala ya pamkonoyo siingakuuze kuti ukutsatira amalume, koma wodwala impso azilondera mtima. Ukapita kuchipatala uwauze akujambule ECG yoonera kagundidwe ka mtima, akuyeze potaziyamu m'magazi, chifukwa akakwera amasokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo BP aione bwinobwino. Pachifuwa pakamawawa, kapena ukamabanika, kapena kukomoka, upite tsiku lomwelo.

Wandimva? Wotchiyo isakusowetse tulo, koma mtima ukayezetse. Ndabwereza dala, paja iwe mawu anga umawamvetsera theka. Ukayezetse mtima, mankhwala a BP uzimwa tsiku lililonse ngakhale mutu usakuwawa. Ndipo jekete la amalume lija akuti lili kwa iwe, libwere.