Musayambe ndi Kugula: Mayankho a Makalata Anu pa Zosamala Chilengedwe Pakhomo

Makalata ambiri a mwezi uno afunsa chinthu chimodzi m'mawu osiyanasiyana: kodi banja wamba lingatani kuti lisamawononge chilengedwe, thumba osabooka? Ndasankhapo asanu, ndipo ena ndawafupikitsa. Amene sindinakuyankheni musandikwiyire, mwina funso lanu labisala m'mafunso a anzanuwa.

FUNSO: Mwana wanga wamkazi wabwera kusukulu ndi nkhani yosamala chilengedwe. Akuti tigule zikwama zansalu, mabotolo achitsulo ndi sopo wapadera. Ndalama zake sindikuziona. Kodi zimenezi ndi za anthu opeza bwino okha? Ndine mayi wa ana anayi.

YANKHO: Mayi, mwanayo musamukalipire, mtima wake uli pabwino. Kungoti wayambira kusitolo, pomwe ntchitoyi imayambira m'nyumba mwanu momwemo. Chinthu chatsopano chilichonse, ngakhale chitalembedwa mawu okoma a zachilengedwe, chinadya madzi, magetsi ndi mafuta kuti chipangidwe ndi kufika kwa inu. Mu 2011 bungwe loona za chilengedwe la ku Britain, la Environment Agency, linawerengera kuti chikwama chathonje chimafunika kugwiritsidwa ntchito maulendo 131 kuti chifanane ndi jumbo imodzi yogwiritsa ntchito kamodzi, tikayang'ana mpweya wotenthetsa dziko. Choncho chikwama chabwino koposa ndi chakale chija chili kuseri kwa chitseko, ndipo botolo labwino ndi lomwe muli nalo kale, bola mulitsuke.

Mwanayo mum'patse kope ndi cholembera, muyende naye nyumba yonse madzulo amodzi, muzifufuza pamene pakutayika zinthu. Ine nditachita zimenezi koyamba ndinachita manyazi. Mpopi wakubafa unakhala ukudontha kwa miyezi, ine n'kumati ndi timadontho chabe, mpaka tsiku lina ndinatchera ndowa pogona, m'mawa n'kupeza madzi oti munthu n'kutsukira mbale zonse. Bungwe la boma loona za chilengedwe ku America, la EPA, limati mpopi wogwetsa dontho limodzi pa sekondi umataya malita oposa 11,000 pa chaka, kutanthauza malita pafupifupi 30 tsiku lililonse. Akuluakulu anati madzi akatayika saoleka, koma apa vuto lake linali kalabala kakang'ono ka m'kati mwa mpopi, komwe kanasinthidwa m'mphindi khumi. Ngati muli ndi chimbudzi chamadzi, chimenecho ndiye chimaba mwakachetechete: thirani utoto pang'ono muthanki yake, musagujumule kwa theka la ola, ndipo utotowo ukaoneka m'mbale ya pansi dziwani kuti madzi akudutsa usana ndi usiku.

Kenako muyang'ane kudenga. Babu lakale lija, lotentha ukaligwira, limasandutsa magawo pafupifupi 90 pa 100 alionse a magetsi kukhala kutentha, kuwala n'kungopeza zotsalira. Tiwerengere limodzi. Babu la mawati 60 loyaka maola 5 pa tsiku limadya mayunitsi 9 pa mwezi. Babu lamakono losadya magetsi ambiri, la LED, la mawati 9, lowala chimodzimodzi, silifika n'komwe yuniti imodzi ndi theka. Mababu 6 ndiye kuti mayunitsi 54 kumbali iyi, 8 kumbali inayo. Mwana wanuyo, poti ndi wasukulu, mumuuze kuti asayansi atatu, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, analandira mphoto ya Nobel mu 2014 chifukwa chopeza LED yabuluu, yomwe inatsegula njira ya kuwala koyera kumeneku. Simukuyenera kusintha onse tsiku limodzi. Yambani ndi limene limayaka nthawi yaitali, ena muzisintha akamapsa.

Chinanso, musayambane m'nyumba chifukwa cha chaja yoiwalidwa pasoketi. Imadyadi, koma pang'ono zedi. Zida zolusa ndi zimene zimatenthetsa: sitovu, ketulo, simbi ndi thanki ya madzi osamba. Kudzaza ketulo mpaka pakamwa pofuna kapu imodzi kumawononga kuposa machaja onse a m'nyumbamo. Zovala zosita muziunjike, musite kamodzi.

FUNSO: Kwathu timaphikira makala, nthawi zina gasi, koma zonse zikutha msanga. Mayi akunyumba akuti palibe chomwe angachite chifukwa chakudya chimafuna moto. Ndi zoona? Ndine bambo wodandaula.

YANKHO: Bambo, ndisanayankhe ndifunseko: munaphikako liti? Ndikufunsa chifukwa malangizo ochokera kwa munthu wongokhala pampando samveka kukhitchini. Mukayese nokha zimene ndinenezi, kenako mukambirane.

Chakudya sichifuna moto wambiri, chimafuna kutentha kosathawa. Madzi a mumphika wamba akawira amaima pa madigiri 100, kapena kutsikirapo pang'ono kumalo okwera, ndipo ngakhale muwonjezere moto motani sakwera kuposa pamenepo. Moto wowonjezerawo umangosandutsa madzi nthunzi. Ndiye mphika ukangowira, chepetsani moto, vindikirani. Chivindikiro n'chida chonyozeka, koma ndicho chimasunga makala. Nyemba zouma ziviikeni usiku wonse, zinthu zolimba ziduleni tizidutswa, mbaula ikhale pamalo osawomba mphepo, ndipo poto wamng'ono asakhale pamoto waukulu woti malawi azingotuluka m'mbali.

Njira imene ndimaikonda ndinaikayikira kwa zaka. Mumatenga dengu kapena katoni, n'kuyalamo bulangeti lakale, mapilo kapena udzu wouma. Chakudya chikawira bwinobwino, mumaphula poto ali chivindikirire, n'kumufunditsa m'dengumo mbali zonse, pansi ndi pamwamba pomwe. Kutentha kotsekeredwako kumapitiriza kuphika popanda khala limodzi. Mpunga umapsa bwino chonchi ndipo supserera. Tsiku loyamba ndinkangovundukula kuti ndione ngati zikuyenda, kutentha konse n'kuthawa, ndipo tinadya mochedwa. Osavundukula. Koma pali zofunika kusamala. Nyemba, makamaka zofiira, ziwire mwamphamvu pamoto kwa mphindi zosachepera 10 musanazifunditse, chifukwa zili ndi poizoni wachibadwa amene amatha ndi kuwira kwenikweni. Ndiponso chakudya chisagone m'dengumo. Chikazizira kutsika madigiri 60, tizilombo timayamba kuchulukana, choncho ngati mwachipeza chofunda chabe, chiwiritseninso musanadye.

Nkhaniyi si ya mitengo yokha. Bungwe la WHO linati utsi wa m'nyumba unapha anthu pafupifupi 3.2 miliyoni m'chaka cha 2020, ndipo oposa 237,000 mwa iwo anali ana osafika zaka 5. Amene amaupuma kwambiri ndi wophikayo ndi mwana amene ali naye pafupi. Ola lililonse limene mwachepetsa pamoto ndi ola limene mapapo a akazi anu apumula. Nkhuni zikhale zouma, zenera likhale lotsegula, ndipo mbaula yamakala musailowetse m'chipinda chotseka kuti muothe, ngakhale kuzizire bwanji. Mpweya umene makala amatulutsa sununkha ndipo suoneka, munthu amangogona osadzukanso.

FUNSO: Ndinayamba kuunjika zotsalira zakukhitchini kuti ndipange manyowa. Panopa panunkha, ntchentche zadzaza, ndipo oyandikana nawo nyumba akudandaula. Ndisiye? Ndine mayi wokonda dimba.

YANKHO: Musasiye, achemwali. Walira mvula walira matope, koma matope anuwa ali ndi mankhwala. Mulu ukanunkha ndiye kuti wanyowa kwambiri ndipo mulibe mpweya. Tizilombo tabwino towoletsa zinyalala timafuna kupuma. Tikabanika, ntchito imagwidwa ndi tina totulutsa fungo. Muutembenuze ndi fosholo, musakanizemo zouma zambiri, monga masamba ogwa, udzu wouma ndi makatoni ong'ambang'amba, mwina ndowa ziwiri kapena zitatu za zouma pa ndowa imodzi ya zakukhitchini. Mukafinya m'manja pazimveka ngati nsalu yochapa yofinyidwa kale, osati yodontha. Nyama, mafupa ndi mafuta musaikemo, ndizo zimaitana makoswe. Mukathira zatsopano, kwirirani ndi zouma, ntchentche zidzasamuka zokha. Pakapita miyezi ingapo mudzapeza dothi lakuda lonunkhira ngati m'nkhalango mvula itangogwa.

Komabe ndikufunseni: n'chifukwa chiyani zotsalira zanu zili zambiri chonchi? Manyowa ndi a makoko ndi zosadyeka, si manda a chakudya chabwino. Lipoti la 2024 la UNEP, nthambi ya United Nations yoona za chilengedwe, linati mu 2022 dziko lonse linataya chakudya cholemera matani 1.05 biliyoni, ndipo magawo 60 pa 100 alionse anatayidwa m'makomo, osati m'mahotela kapena m'misika. Chakudya chikakwiririka kumtaya popanda mpweya chimatulutsa mpweya wina wotchedwa methane, umene pa zaka 20 umatenthetsa dziko kuposa carbon dioxide, mpweya wotuluka powotcha mafuta ndi malasha, maulendo oposa 80. Ine chimene chinandithandiza si nzeru zakuya ayi. Ndinapeza kapu imodzi yoyezera, n'kudziwa kuti banja langa limakhuta makapu angati, ndipo ndinaleka kuphikira alendo amene sanabwere. Zotsala ndimaziika patsogolo, pamene maso amayambira kuona, chifukwa mbale ikapita kumbuyo kwa firiji imakumbukiridwa itamera ndevu.

FUNSO: Kwathu galimoto yotola zinyalala sifika. Mapulasitiki ndimawawotcha kuseri kwa nyumba. Pali cholakwika? Ndine agogo a zidzukulu zisanu.

YANKHO: Agogo, chilipo, ndipo n'chachikulu. Moto wapakhomo sutentha mokwanira kuti umalize pulasitiki, ndiye umatulutsa utsi wapoizoni, makamaka pamene mwasakanikira mapaipi ndi makoko a mawaya. Poizoniyo amatera panthaka imene zidzukulu zanu zimaseweretsa ndi pamene nkhuku zimatola. Sindikunamizani kuti pulasitiki yense amakonzedwanso: lipoti la 2022 la OECD, bungwe la mayiko loona za chuma, linapeza kuti padziko lonse ndi magawo 9 okha pa 100 alionse. Choncho nkhondo yake ili pakhomo lolowera. Kanani jumbo pamene muli ndi chotengera, gulani paketi imodzi yaikulu m'malo mwa timapaketi khumi ngati thumba likulola, ndipo mabotolo, zitini ndi zitsulo muzisunge padera chifukwa zimenezi n'zomwe otola zakale amazifuna. Mukachotsa zowola n'kupita nazo kumanyowa, mudzadabwa kuti zotsala n'zochepa komanso sizinunkha, zingathe kudikira m'thumba mpaka mutapeza popita nazo. Mabatire ndi mababu a machubu aja asayandikire moto ngakhale pang'ono. Mababuwo ali ndi mekyule, chitsulo chapoizoni, ndipo batire la galimoto lili ndi mtovu, womwe umawononga ubongo wa mwana. Batire lakale muzilibweza kumene mukugula latsopano.

FUNSO: Pepani, koma zonsezi ndimaziona ngati kudzinamiza. Mafakitale ndi mayiko olemera ndiwo akuwononga dziko. Mayi anga akazimitsa babu, nyengo isintha? Ndine wophunzira wapakoleji.

YANKHO: Mwanangu, palibe chopepesa, mbali yaikulu ukunena zoona. Lipoti la Carbon Majors la 2017 linapeza kuti makampani 100 okha okumba malasha, mafuta ndi gasi ndi amene akukhudzidwa ndi magawo 71 pa 100 alionse a mpweya woipa wa m'mafakitale kuyambira 1988. Ndipo pamene dziko linapambanapo, linapambana ndi malamulo. Chophimba cha ozone, mpweya wa m'mlengalenga umene umatiteteza ku cheza choopsa cha dzuwa, chikuchira lero chifukwa mayiko anasainirana pangano la ku Montreal mu 1987 loletsa mankhwala amene ankaikidwa m'mafiriji ndi m'zitini zopopera, osati chifukwa chakuti mayi wina anadziletsa yekha. Banja losauka, limene kale limasoka zong'ambika ndi kuyenda pansi, lisamasenzetsedwe mlandu wa anthu ouluka pandege sabata iliyonse. Zimenezo ndimadana nazo.

Koma chiwerengero cha 71 chija chili ndi mchira. Mbali yake yaikulu ndi mpweya umene umatuluka ogula akamawotcha mafutawo, m'magalimoto, m'mafakitale ndi m'malo opangira magetsi. Makampaniwo sakumba kuti asunge m'nkhokwe. Chachiwiri, taonanso makalata ali pamwambawa. Kodi ndi langizo liti limene banja lingataye nalo kanthu ngakhale nyengo itakana kusintha? Madzi a mpopi uja amalipiridwa ndi mayi ako. Utsi wa pulasitiki umalowa m'chifuwa cha mng'ono wako lero lino, sudikira msonkhano wa mayiko. Ukali wako upite nawo kumene kumapangidwa malamulo, ulembe, ufunse, uvote, ndipo ndidzakuombera m'manja. Koma ndaonapo achinyamata ambiri odziwa kutchula mapangano onse, kwinaku akusiya simbi ili chiyakire.

Chita izi. Mawa m'mawa ulembe nambala ya pamita ya magetsi ndi ya madzi, ulembenso pakatha masiku 7, osasintha kanthu. Sabata yachiwiri ukonze mpopi, uvindikire mapoto, uwiritse madzi okwana makapu amene akufunika, kenako uwerengenso. Undilembere manambala onsewo, ndipo ngati sanasiyane ndidzasindikiza kalata yako yonse, osadulako liwu.