Funsani za Chiyankhulo: Wachita Ndani?

Ndine mlembi wa kalabu ya alimi a mbatatesi ku Dómuè, m'boma la Angónia, m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Malipoti ndimayamba kulemba m'Chipwitikizi, kenako ndimawatembenuzira m'Chichewa kuti ndiwerengere anzanga pamsonkhano. Ndikamawerenga, anthu amangondidula pakamwa ndi funso lakuti "wachita ndani?" Ndikulakwitsa pati?

A mlembi, anzanuwo akufunsa funso loyenera. Chipwitikizi cha m'maofesi chimakonda mawu ngati foi decidido ndi foi entregue, omwe satchula munthu. Mukawatembenuza liwu ndi liwu, mumapeza "zinagwirizanidwa", "feteleza anaperekedwa", "ndalama zinatoleredwa". Aneni onsewa ali mu msintho wochitidwa, womwe umakokera kutsogolo chinthu chimene ntchito yachigwera, n'kukankhira mchitantchito kumapeto kapena kumuchotseratu.

Taonani ziganizo ziwiri izi. "Matumba 40 a feteleza anagawidwa Lachiwiri." "Msungichuma anagawira mamembala 20 matumba 40 a feteleza Lachiwiri." Choyambacho chilibe cholakwika pa malamulo a chiyankhulo, koma mlimi amene sanalandire thumba sadziwa woti akamufunse. Chachiwiricho chakukakamizani kutchula wogawa ndi olandira, ndipo ngati simukuwadziwa, mwazindikira lipoti lisanafike pagulu.

Mukamaliza kulemba, tengani cholembera mudule mzere kunsi kwa mneni aliyense wothera ndi -idwa kapena -edwa. Pa aliyense dzifunseni kuti ndani. Ngati nkhaniyo ndi ya ndalama, katundu wa gulu kapena ntchito yomwe ikudikira munthu, muikeni munthuyo koyambirira. Pa ntchito za m'tsogolo ndiye pofunika kusamala koposa. "Nkhokwe idzakonzedwa" ndi lonjezo lopanda mwini, ndipo mvula idzaipeza ili chomwecho. Lembani kuti "Wapampando ndi anyamata atatu adzakonza nkhokwe pasanafike pa 15 Meyi."

Potembenuza chiganizo musaiwale kusintha mgwirizano. "Mbewu zagulidwa ndi komiti" imakhala "Komiti yagula mbewu". Olemba mofulumira amasiya za- wa mbewu uja n'kulemba "Komiti zagula".

Palinso msampha wa kaliwu kakuti "ndi", komwe kamasenza ntchito zingapo m'Chichewa. Kamasonyeza wochita, chipangizo, komanso mnzake wa munthu. "Mnyamatayo anamenyedwa ndi mchimwene wake": kodi mchimweneyo ndiye anamenya, kapena anamenyedwa onse awiri? Chipwitikizi chimasiyanitsa pelo (wochita) ndi com (mnzake), ife tili ndi liwu limodzi. Ngati anamenyedwa onse, nenani "pamodzi ndi". Ngati mchimweneyo ndiye wolakwa, muyambire iyeyo chiganizo.

Komabe musauthamangitse msinthowu m'lipoti lonse. "Njinga ya kalabu yabedwa pamsika" ndi chiganizo chabwino pamene wakuba sakudziwika, ndipo chimakutetezani kutchula munthu amene mukungomuganizira mlandu usanaweruzidwe. Pa zovuta nawonso umapereka ulemu: timati "maliro aikidwa mawa", sititchula okumba manda.

Ndimaphunzitsa kalasi ya ziyankhulo ziwiri pafupi ndi Furancungo. Ana amasokoneza -idwa ndi -edwa, ndiponso amandifunsa kusiyana kwa "mbale yaswedwa" ndi "mbale yasweka". Ndiwafotokozere bwanji?

Aphunzitsi, loyambalo n'losavuta. Yang'anani lembo la liwu lotsiriza m'tsinde la mneni, musanafike pa -a wakumapeto. Likakhala a, i kapena u, ikani -idwa: manga, mangidwa, phika, phikidwa, gula, gulidwa. Likakhala e kapena o, ikani -edwa: lemba, lembedwa, ona, onedwa. Aneni a phatikizo limodzi amatenga -edwa: dya, dyedwa; ba, bedwa; pha, phedwa. Alipo ochepa ofupika amene ana ayenera kungowaloweza, monga gwira, gwidwa, ndi kwatira, kwatiwa.

Lachiwirilo ndi lomwe lili ndi nyama. Chinyanja chinayamba kuyesedwa ngati chiyankhulo chophunzitsira m'makalasi ena a kuno ku Tete mu 1993, ndipo phindu limodzi la kalasi ngati yanuyo n'lakuti mwana angathe kuika ziyankhulo ziwirizi pambali n'kuziyerekeza. M'phunziro la Chipwitikizi amamva za voz activa (mneni wochita) ndi voz passiva (msintho wochitidwa). M'Chichewa muonetseni masitepe atatu. "Mwana waswa mbale": wochita ali poyera. "Mbale yaswedwa": wochita sanatchulidwe, koma womvera akudziwa kuti dzanja la munthu lilipo, ndipo angathe kufunsa. "Mbale yasweka": dzanja lija lafufutika, zangokhala ngati zachitika zokha. Msintho wachitatuwu mabuku a sukulu a ku Malawi amautcha wam'chibisira, ndipo dzinali likuuyenera.

Njira yoyesera ndi iyi: onjezani "ndi mwana" kapena "mwadala". "Mbale yaswedwa mwadala ndi mwana" ikumveka. "Mbale yasweka mwadala ndi mwana" khutu likukana. Wam'chibisira amalola chochititsa chopanda maganizo, monga "nthambi yathyoka ndi mphepo", koma salola munthu wochita mwakufuna. Bweretsani m'kalasi pepala ndi kamtengo kouma. Mwana mmodzi ang'ambe, wina athyole, ena onse anene zomwe aona m'njira zitatuzo: wang'amba, lang'ambidwa, lang'ambika. Kenako afunseni kuti mwana amene akuopa kukalipiridwa kunyumba angasankhe iti. Sadzaiwalanso.

Ndimawerenga zidziwitso pa wayilesi ya m'dera. Ndimafuna kuyamba ndi chinthu chomwe chakhudzidwa, koma -idwa akachuluka lilime limalemera. Pali njira ina? Wowerenga wa ku Zóbuè.

Ilipo, ndipo ndi yomwe agogo anu amagwiritsa ntchito. Tchulani chinthucho poyamba, kenako muike kachizindikiro kake mkati mwa mneni wochita. M'malo mwa "mlatho wamangidwa", nenani "mlatho uja aumanga". M'malo mwa "mwana walumidwa ndi galu", nenani "mwanayo wamuluma galu". Chinthu chili patsogolo monga mumafunira, mneni akadali wopepuka.

Chenjerani ndi a- wa mu "aumanga", chifukwa ndi yemwenso timalemekezera naye akuluakulu. Mukati "A mfumu anafika pamudzipo dzulo. Ng'ombe ziwiri aziba usiku", womvera amva kuti a mfumu ndiwo aba. Ngati chiganizo cham'mbuyo chatchula munthu waulemu kapena gulu la anthu, bwererani ku "ng'ombe ziwiri zabedwa usiku".