Mwapempha ndandanda wa zophika, koma mwandikumbutsa mbatata zomwe ndinkataya m'munda wa tiyi

Lachinayi lapitali ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi ena a ku Luchenza. Ali ndi ana awiri a kupulayimale, amalawirira kuntchito, ndipo akufuna ndiwalembere zophika za sabata yathunthu, zosavuta, kuphatikizapo za m'mawa ndi zoti ana azitenga kusukulu. Mpaka pamenepo ndinkangogwedeza mutu. Koma kumapeto anawonjezera kuti: "Chonde zikhale zamakono, chifukwa wamkuluyo akukana kutenga mbatata, akuti anzake amamuseka."

Achemwali anga, mawu omalizawo andigunda pachilonda. Ndatha masiku atatu ndisanakuyankheni, ndipo ndipepeseretu, ndiyamba ndazungulira kaye ndisanafike pa mapoto.

Ine ndinakulira m'mudzi wa m'mphepete mwa esiteti ina ya tiyi kuno ku Mulanje. Amayi ankathyola tiyi. Tambala wachiwiri akamalira iwo amakhala atabereka kale dengu, ndiye za m'mawa zonse zinali m'manja mwa anganga. Anganga analibe zambiri: madzulo akaphula nsima ankakwirira mbatata m'phulusa lamoto, m'mawa n'kuzifukula, kuzisasa phulusa, kuzikulunga m'pepala la shuga. Ziwiri zanga, ziwiri za achimwene. Nyengo ya nandolo tinkatenga makata. Miyezi ya njala, Januwale ndi Febuluwale, anali makaka owiritsa, ndipo tinkathokoza.

Ndili Sitandade 5 m'kalasi mwathu munabwera mtsikana, mwana wa kalaliki wa kufakitale. Iye ankabwera ndi kontena yofiira, m'kati muli buledi wopaka majarini. Tsiku lina pa buleki nditangotsegula pepala langa, anatsina mphuno n'kufunsa kuti, "Kodi akuwotcha tchire ndani?" Onse anafa nalo phwete.

Kuyambira tsiku limenelo mbatata zanga sizinafikenso kusukulu. Njira yathu inkadutsa pakati pa tiyi, ndipo ndikaona kuti kumbuyo kulibe munthu ndinkaponya kaphukusi kanga pansi pa zitsamba, pamalo amodzimodzi tsiku lililonse. Ndinkaswera ndi njala, masamu a 11 koloko osalowa m'mutu, m'mimba mukulira ngati achule a kudambo. Chimene ndinaiwala n'chakuti mzere uliwonse wa tiyi othyola amaubwerera pakangopita masiku owerengeka. Mnzawo wa amayi ndi amene anapeza mulu wa mapepala a shuga, mbatata zitadyedwa theka ndi makoswe, ndipo sanavutike kudziwa mwini wake. Anganga ankamanga ndi luzi la nthochi mfundo yawoyawo yomwe mudzi wonse unkaidziwa.

Ndinadikira chikwapu, koma sichinabwere. Anganga anangondifunsa kuti, "Iwe, chakunyansa n'chiyani, mbatata kapena pepala?" Ndinangoti zyoli. M'mawa mwake anandipatsa kachitini ka mkaka waufa, kotsuka bwino, kachivindikiro, komwe anakapempha kwa aneba. M'kati munali mkate: nthochi zakupsa zokanyira limodzi ndi mgaiwa, zophika m'masamba a nthochi usiku womwewo ine ndili m'tulo. Mtsikana wa buledi uja sanasiye kundinyoza, ndisakunamizeni. Koma pofika Lachisanu anzake awiri anali atayamba kukhala pafupi nane pa buleki, maso ali pachitini.

Mukanaganiza kuti ndinaphunzirapo. Ayi ndithu. Nditakwatiwa n'kuyamba ntchito ku Boma, ine ndemwe ndinatenga pepala lalikulu, kulijambula mizere ndi lula, kulembapo masiku onse asanu ndi awiri, n'kulimata pakhoma la kukhitchini kwathu ku Chitakale. Zonse ndinakopera pa Facebook. Lolemba mapankeki, Lachiwiri soseji ndi mazira, Lachitatu sindikumbukanso kuti chinali chiyani, koma chinkafuna uvuni womwe ndinalibe. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Lolemba ndinafika kuntchito mochedwa, m'tsitsi muli fulawa. Lachiwiri ndalama ya ndiwo za sabata yonse inathera pa soseji. Lachitatu magetsi anazima 4 koloko m'bandakucha, kunja kuli chiperoni cha mu Julayi, makala atanyowa chifukwa thumba tinaliiwala pakhonde. Ndinakupiza mbaula ndi chivindikiro cha poto mpaka misozi, osadziwa ngati ndi ya utsi kapena ya mkwiyo. Ana anapita ndi tiyi wopanda chomwera. Pepala lija linakhala pakhomapo miyezi ingapo likundiyang'ana ngati mwini ngongole, mpaka tsiku lina ndinaliyatsira moto.

N'chifukwa chake ndandanda wa zakudya zisanu ndi ziwiri zosiyanasiyana ndimadana naye. Amalembedwa ndi anthu a firiji yosazima, ndi wantchito wotsuka mbale. Mayi amene amakwera kabaza 6:30 sangayatse moto katatu patsiku kuphika zachilendo. Ndipo mitengo ya zinthu siimvera pepala. Kuchokera pomwe kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndani wa ife angalonjeze Lamulungu kuti Lachisanu agula mafuta ophikira a botolo lathunthu? Timagula oyeza m'timapulasitiki, ndipo ndiwo timasankha titafika kale pamsika.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ndi liwu lakuti "zamakono". Sindikukudzudzulani inu, achemwali, ndikudzudzula tonsefe. Tikukhala m'dera lomwe anthu a ku Blantyre amaimitsa galimoto kuti agule zinanazi za m'mbali mwa msewu, mapeyala nyengo yake amangogwa okha mpaka agalu kunenepa, tomato wa ku Goliati, kabichi ndi karoti wa pa Bvumbwe, koma mwana wathu timamutumiza kusukulu ndi kabotolo ka madzi ofiira otsekemera ndi kapaketi kodzaza mpweya. Ikamakwana 9 koloko ali ndi njala ngati sanadye. Buledi naye sindimuda, ndimadya, koma lofu imodzi pa ana awiri ndi bambo awo imatha tiyi asanazizire. Mbatata ya ndalama yomweyo imagwira m'mimba mpaka masana. Achipatala amatiimbira nyimbo ya magulu asanu ndi limodzi a zakudya kusikelo kuja, zokhutitsa, zanyemba, zanyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, ife n'kumawomba m'manja, potuluka n'kulowa m'golosale. Pamene mbale imodzi ya futali ndi chidutswa cha papaya yatenga kale magulu atatu popanda wina kuwerenga. Ndipo mukapeza mbatata yofiira m'kati, ya Kadyaubwerere kapena Chipika, gulani imeneyo. Ili ndi vitamini A, ndiponso mtundu wake wokha ana amautenga ngati chinthu cha m'sitolo.

Nthochi zokha ndiye ndivomereze, zinatipweteka. Amene anakulira ku Thyolo akukumbuka malole a nthochi za ku Thekerani akukwera kupita m'tauni. Matenda a chisaka anapululutsa minda, anthu anauzidwa kuzula mitengo yonse ndi mizu yomwe, ndipo tinafika pomadya nthochi zochokera ku Mozambique ndi ku Tanzania, zinthu zoti anganga akanamva akanaseka mpaka kutsokomola. Ena anabzalanso mbewu zatsopano, zikubwerera pang'onopang'ono, koma mtengo sunabwerere. Nzeru yanga ndi iyi: pitani pamsika dzuwa litapendeka, funsani zakupsa kwambiri, zamadonthomadontho akuda, zomwe wogulitsa akuopa kuti mawa azitaya. Zimenezo ndiye za zitumbuwa ndi chigumu, ndipo shuga simuthiranso wambiri.

Wina andilembera kuti nanga kalongonda bwanji, poti ndife Alhomwe. Kalongonda ndimamukonda, ndipo ku Chonde, pamwambo wa Mulhako wa Alhomwe mu Okutobala, sindibwerako ndisanadye. Koma munthu wofuna zosavuta asamuyandikire. Amafuna moto wa tsiku lonse ndi kutaya madzi kangapo, ndipo wophika mothamanga amaledzeretsa n'kudwalitsa banja lonse. Musiyireni tsiku lomwe kwabwera azakhali odziwa.

Ndisanaiwale: bambo a kunyumbako ali ndi manja? Kwathu kuyatsa mbaula m'mawa ndi ntchito ya bambo a ana, ndipo tinafika pamenepo titakangana, osati titapemphera. Mwamuna woti amatha kukonza njinga sangalephere kutereka madzi a tiyi.

Tsono zophikazo

Chinsinsi chonse ndi cha anganga chija: chakudya cha m'mawa chimaphikidwa usiku, pamoto wotsala wa nsima. Makala amene mumawasiya akunyeka okha mukatha kuphika ndi okwanira kupsetsa mbatata kapena chinangwa.

Loweruka madzulo nyikani nyemba m'madzi. Lamulungu mukabwera kutchalitchi yatsani moto umodzi waukulu. Phikani nyembazo zambiri. Sankhani mtedza, wachuku ndi wofota tayani osaumira, wina musinje nsinjiro zodzaza botolo, wina mukazinge ndi timadzi tamchere kuti ana azitapa. Pomaliza chigumu: makapu awiri a mgaiwa, nthochi zinayi zokanya, theka la sipuni yaing'ono ya soda, kamchere, shuga pang'ono, madzi kapena mkaka mpaka chifanane ndi phala lolimba. Pakani mafuta m'poto, makala ochepa pansi, ambiri pachivindikiro, mphindi ngati 40. Mukabaya ndi mpeni n'kutuluka woyera ndiye kuti chapsa. Chimenecho ndi chomwera tiyi komanso kamba wa kusukulu Lolemba ndi Lachiwiri.

Nyemba mudye Lamulungu ndi mpunga, Lolemba ndi nsima ndi mpiru. Ngati mulibe firiji ziwiritseni usiku ndi m'mawa mpaka zibwate, ndipo m'nyengo yotentha zisapitirire Lolemba. Lachiwiri usipa kapena matemba a ku Chilwa, ndipo pamoto wotsalawo terekani mbatata zosenda, zikafewa thirani nsinjiro ndi mchere. Futali ameneyo ndi wa Lachitatu m'mawa, kungotenthetsa. Lachitatu madzulo nkhwani wotendera ndi mazira, poti sabata ikafika pakati thupi limakhala litatopa. Lachinayi m'mawa phala la mgaiwa la nsinjiro, mphindi 15 basi, ndipo mukadzapita kuchigayo sakanizani mbale zinayi za chimanga ndi imodzi ya soya wokazinga, mwapanga likuni phala lanulanu. Madzulo nyama ya soya ya tomato wambiri ndi kabichi. Mukatha, kanyani nthochi zitatu ndi kapu ya mgaiwa ndi kamchere, kazingani zitumbuwa za Lachisanu. Lachisanu madzulo idyani chimene m'thumba mwalola, kaya nandolo, kaya chigwada, kaya kankhuku ngati mwezi uli kumayambiriro. Loweruka m'mawa chinangwa cha manyokola chowiritsa ndi peyala, osathamanga, ndipo ana akafuna zigege ndi tsiku lake limeneli, asende okha mbatatesi.

Za mnyamata wanu wamkuluyo, musamukalipire ndipo musamuuze za ana ovutika omwe alibe chakudya, ine anandiuzapo ndipo sizinathandize. Mutengeni Loweruka mupite naye pamsika wa Luchenza, asankhe yekha kontena yachivindikiro, mtundu womwe akufuna. Mbatata musamupatsenso yathunthu ndi makoko ake. Isendeni, iduleni zazitalizitali ngati tchipisi, ikazingeni pang'ono, muwaze mchere. Chigumu chiduleni timagawo tofanana bwino, pambali mtedza wodzaza dzanja ndi chidutswa cha chinanazi. Muikemo zochulukirapo, zoti agawireko mnzake mmodzi.

Kontenayo ikamabwera yopanda kanthu musafulumire kusangalala. Tsiku lina mudzayende njira yake ya kusukulu, muziyang'ana pansi pa zitsamba.